Kamfuti kowerenga michere m'tsamba la tiyi

Tsiku lomwe ndinakaona koyamba kunali chiperoni, phiri la Mulanje litabisala lonse m'nkhungu. Msuweni wanga, yemwe ntchito yake ndi yoyeza dothi ndi mbewu, anapatukira kwa anganga ali pa ulendo wotolera masampulo m'minda ya alimi ang'onoang'ono a tiyi. Atatsegula kabokosi kolimba komwe ananyamula, anatulutsamo chinthu chooneka ngati mfuti yaifupi, yonenepa, yokhala ndi kagalasi konga ka foni kumbuyo kwake.

"Iwe, usilikali unalowa liti osatiuza?" anatero anganga uku akusendeza mpando wawo cham'mbuyo.

"Si mfuti iyi anganga. Imawerenga michere yomwe ili m'dothi ndi m'masamba."

"Ndiye yamba ndi bondo langali, uone chomwe chinathamo."

Tonse tinaseka, koma iye anakanitsitsa. Anati pa munthu salozetsa, ndipo ngakhale sampulo saigwira m'manja akamayeza.

Chipangizochi dzina lake ndi XRF, chidule cha X-ray fluorescence. Tanthauzo lake ndi cheza chomwe chinthu chimabweza chikawombedwa ndi X-ray, cheza chomwe chija amajambulira mafupa kuchipatala. Makina akuluakulu a XRF akhala m'malabotale kwa zaka zambiri. Am'manjawa anayamba kutchuka pakati pa ogula zitsulo zakale, a migodi, ndi oyeza mtovu mu penti ya m'nyumba. Kwa iwowa kamfutika ndi kodalirika: ukaloza pa chitsulo, masekondi ochepa kakuuza kuti muli kopa wochuluka bwanji. A zaulimi ndi a zakudya ataona zimenezi anasilira, nkuyamba kuloza pa chimanga, nyemba, masamba ndi manyowa. Apa mpomwe nkhani inavutira, chifukwa tsamba si chitsulo.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi zomwe zimachitika munthu akakoka kampini kake. M'kati mwa chipangizochi muli kachubu komwe kamatulutsa X-ray pa mphamvu ya magetsi yofika mavoti 40,000 kapena 50,000. Chezacho chikagunda atomu, kanthu kakang'onong'ono komwe zinthu zonse zinapangidwa nako, chimatha kuthothola elekitironi imodzi, mwa tizidutswa tozungulira pafupi kwambiri ndi pakati pa atomuyo. Malo amenewo sakhala opanda mwini. Elekitironi ina yakunja imagweramo nthawi yomweyo, ndipo pogwapo imataya mphamvu yomwe imatuluka ngati X-ray yatsopano. Chinsinsi chonse chagona apa: mphamvu yotayidwayo ili ndi mlingo wakewake pa mchere uliwonse. Limu yakale ya galimoto yomwe amaimba ngati belu pasukulu ndi khasu lakutha lomwe wina wapachika pamtengo, ukazimenya ndi mwala umodzimodzi, chilichonse chimalira mawu ake, ndipo mwana wa pasukulupo sangasokoneze. Maatomu nawo ndi choncho. Potaziyamu amalira pa 3.31 keV (keV ndi muyeso wa mphamvu ya cheza), kashiyamu pa 3.69, manganizi pa 5.90, ayironi pa 6.40, kopa pa 8.05, zinki pa 8.64. Kachipangizo komvera kali kukamwa kwa mfutiyo kamasiyanitsa mawuwo ndi kuwerenga kuti aliwonse amveka kangati. Mawu akamveka kambirimbiri, ndiye kuti mcherewo ulimo wambiri.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray mu 1895, Charles Barkla anapeza kuti mchere uliwonse umabweza cheza chakechake, ndipo mu 1913 Henry Moseley anaonetsa kuti chezacho chimakwera mwadongosolo motsatira nambala ya atomu. Chatsopano nchakuti zonsezi zinalowa m'kachinthu koyendera batire, kolemera ngati paketi imodzi kapena ziwiri za shuga.

Nanga tikuvutikiranji ndi kuyeza? Michere ikukambidwa pano ndi yochepetsetsa moti timaiwerenga m'mamiligalamu pa kilogalamu. Chimanga wamba chimakhala ndi zinki wa mamiligalamu pafupifupi 20 pa kilogalamu. M'thumba lonse la makilogalamu 50 ndiye kuti muli galamu imodzi yokha. Koma kagalamu kameneko nkomwe kamathandiza mwana kukula ndi bala kupola. Kafukufuku wa dziko lonse wa michere ya m'thupi wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti anthu oposa theka m'Malawi, ana ndi akulu omwe, zinki ndi wopelewera m'matupi mwawo. Iyi ndi njala ya munthu wokhuta: nsima wadya, mimba yadzaza, koma thupi likusowabe. Nchifukwa chake fetereza wokulitsa yemwe tikugula masiku ano pa thumba pake pamalembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn. Zilembo zomalizazo ndi zinki. Nchifukwa chakenso akatswiri obereketsa mbewu anatulutsa nyemba monga NUA45 zomwe zili ndi ayironi ndi zinki wochulukirapo. Kuti apeze mtundu umodzi wotere amayenera kuyeza mitundu mazanamazana, ndipo bungwe la HarvestPlus lakhala likugwiritsa ntchito makina a XRF a patebulo pa ntchito yosankhayi.

Njira yomwe akatswiri amaidalira kwambiri ndi ina, yotchedwa ICP-MS. Sampulo amaisungunula mu asidi wamphamvu, nkuipopera m'moto wa mpweya wa argon wotentha madigiri masauzande angapo, makina nkuwerenga maatomuwo. Imaona ngakhale tochepetsetsa. Koma imafuna asidi, mpweya wogula, magetsi osazimazima ndi katswiri wokhala pompo. Masampulo ambiri a chimanga cha kuno, pa kafukufuku wa GeoNutrition yemwe LUANAR inachita nawo, anakayezedwa ku yunivesite ya Nottingham ku England. Mlimi wa ku Thyolo kapena ku Mulanje wofuna kudziwa za dothi lake kapena masamba ake njira yake yakhala yotumiza sampulo ku malo a kafukufuku wa zaulimi a ku Bvumbwe kapena ku Tea Research Foundation ku Mimosa, kenako nkudikira. Ndiye munthu akamva kuti kuli kachipangizo koyankha mu mphindi imodzi kapena ziwiri, kosafuna asidi, kosawononga sampulo, mtima umadumpha. Wanganso unadumpha tsiku lija.

Msuweni wanga anauziziritsa mosavuta. Anathyola tsamba limodzi la tiyi kuseri kwa nyumba, nkuliika pa kachidutswa ka lata komwe anganga amavindikirira mtsuko. Anatiuza tiime kumbuyo kwake, nkuwombera. Pagalasi panatuluka zinki wochuluka zedi.

"Mwaona? Tiyi wa anganga ndi mankhwala," ndinatero ine.

"Achimwene, ameneyo si tiyi. Ndi lata."

Malata amakutidwa ndi zinki kuti asachite dzimbiri. Tsamba ndi lopyapyala, silifika ngakhale theka la milimita, ndipo cheza chinangolidutsa ngati mvula pa neti nkukawerenga chomwe chinali pansi. Pa chitsulo kapena pa mwala X-ray imathera pamwamba pomwepo. Koma tsamba, ufa ndi njere zinapangidwa ndi maatomu opepuka, kaboni, haidrojeni ndi okosijeni, omwe sagwira cheza kwenikweni. Mawu a zinki amatha kuchokera mamilimita angapo m'kati mwa ufa. A potaziyamu safika milimita imodzi. A aluminiyamu amachokera pa kakhungu kapamwamba kokha. Choncho sampulo ikachepa kunenepa, nambala ya zinki imatsika, kapena imasakanikirana ndi ya tebulo, pomwe ya potaziyamu siisintha kwenikweni. Oyeza osamala amadzaza ufa m'kakapu kapadera kotseka kunsi ndi kapulasitiki kopyapyala zedi, nkuutsindira mofanana nthawi zonse, kapena kuupanikiza ndi makina mpaka ukhale ngati piritsi lalikulu. Jumbo ya kumsika siyenera, imameza mawu a michere yopepuka.

Vuto lachiwiri ndi madzi, ndipo kwathu kuno madzi sasowa. Aliyense wogwira ntchito ya tiyi amadziwa kuti pamafunika makilogalamu anayi kapena asanu a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Otsalawo ndi madzi. Ukayeza tsamba laliwisi ndiye kuti ukuyeza madzi ambiri ndi tsamba pang'ono, ndipo nambala imatsika. Choipa kwambiri nchakuti siitsika mofanana. Tsamba lothyoledwa m'mawa wa chiperoni ndi lothyoledwa masana a mu Okutobala, a pa chitsamba chimodzimodzi, apereka manambala osiyana ngakhale michere yake ili yofanana. Nchifukwa chake masampulo amayamba aumitsidwa mu uvuni wa labotale pa madigiri 60 kapena 70 mpaka kulemera kwake kutasiya kutsika. Kamfuti konyamula m'manja kaja, komwe tinkaganiza kuti kathetsa ulendo wa ku labotale, kakufunabe uvuni.

Kakufunanso chopera. Cheza chimagwera pa kadera kakang'ono, kosaposa kachikhadabo ka chala chaching'ono, ndipo michere siimwazika mofanana m'njere. Mu chimanga zinki ndi ayironi wambiri amakhala ku mtima wa njere ndi ku gaga. Ukaloza mbali ina upeza zambiri, ukatembenuza upeza zochepa. Mankhwala ake ndi kupera mpaka ufa usalale nkuusakaniza bwino. Koma uperera pati? Ukapita nawo kuchigayo, nyundo zachitsulo zija zimanyenyeka pang'onopang'ono nkusiya ayironi mu ufa. Pa nsima palibe vuto, koma pa sampulo yomwe ayironi wake ndi mamiligalamu 20 pa kilogalamu, kafumbi kachitsulo kosaoneka ndi maso kangathe kusokoneza nambala yonse. Malabotale amagwiritsa ntchito zopera zosasiya chitsulo, monga za mwala wolimba wa agate.

Ndiye pali fumbi, lomwe ine ndimaona kuti ndi mdani wamkulu kuposa onsewa kuno kwathu. Dothi la katondo la ku Thyolo ndi Mulanje linafiira chifukwa cha ayironi. M'kilogalamu imodzi ya dothi lotere ayironi amawerengedwa m'magalamu makumimakumi, pomwe m'njere ali m'mamiligalamu. Kusiyana kwake ndi kwa masauzande. Nandolo womenyedwa pabwalo, nyemba zoyanikidwa pansi, masamba a tiyi a m'mbali mwa msewu wa thirakitala, zonsezi zimatola fumbi lokwanira kupusitsa makina. Munthu atha kusangalala kuti wapeza nyemba ya ayironi wambiri, chikhalirecho wapeza nyemba yakuda ndi dothi. Mwamwayi chipangizo chomwechi chimatha kugwira wakubayo. Titaniyamu ndi wambiri m'dothi koma zomera sizimukoka kwenikweni, choncho akaoneka wokwera mu sampulo ya mbewu, woyeza amadziwa kuti mwalowa dothi. Anganga atamva izi anafunsa za mfutso wawo womwe amayanika padenga. Msuweni anangoti, "Umenewo wa padenga la malata sindingautenge, anganga. Mundipatse wa pa mphasa."

Tiyerekeze kuti zonsezi zachitidwa: sampulo yatsukidwa, yauma, yaperedwa, yatsindiridwa. Pakadali nkhani ya sikelo. Alimi a nandolo amaidziwa bwino nkhaniyi, chifukwa sikelo ya venda itha kuonetsa nambala yooneka bwino pomwe inachunidwa mokhota, ndipo a Malawi Bureau of Standards amayeza masikelo ndi miyala yodziwika kale kulemera kwake. XRF siyeza mamiligalamu mwachindunji. Imawerenga mawu, kenako pulogalamu ya m'kati mwake imasandutsa chiwerengerocho kukhala mamiligalamu. Makina ambiri amabwera kuchokera kufakitale atachunidwira zitsulo, miyala ya m'migodi kapena dothi. Ukayeza ufa wa chimanga ndi machunidwe a dothi, nambala ituluka ndithu, mpaka ya madesimo, koma itha kuphonya patali. Makina samachita manyazi, sanena kuti mwandifunsa zomwe sindinaphunzire. Woyeza ayenera kupanga machunidwe ake: atenge masampulo makumi angapo a mbewu yomweyo omwe anayezedwa kale ndi ICP-MS, ena a mchere wochepa ena wambiri, awawombere onse, nkuphunzitsa makinawo kuti mawu akuti akufanana ndi mlingo wakuti. Machunidwe a nyemba si a tiyi, ndipo a tiyi si a manyowa a kompositi. Tsiku lililonse amayambanso wayeza sampulo yodziwika kale kuti aone ngati makina sanasochere.

Pali zina zomwe ngakhale utachuna bwanji kamfutika sikaona. Mlimi wa tiyi funso lake loyamba limakhala la naitrojeni, chifukwa ndiye amatulutsa masamba ndipo ndalama zambiri za fetereza zimathera pa iyeyo. XRF ya m'manja siimuona. Mawu a maatomu opepuka ndi ofooka moti amathera mu mpweya asanafike pa kachipangizo komvera. Kaboni, boroni ndi fulorayidi nawonso saoneka, chonsecho tiyi amadziwika ndi kukoka fulorayidi wambiri. Aluminiyamu ndi maginiziyamu ali m'malire: amamveka monong'ona, ndipo ena amachita kuchotsa mpweya kukamwa kwa makinawo kapena kupoperapo heliyamu kuti amveke bwino. Izi nzomvetsa chisoni pang'ono, chifukwa tiyi ndi chomera chodabwitsa pa nkhani ya aluminiyamu. Amakonda dothi la asidi, la pH (muyeso wa asidi) yapakati pa 4.5 ndi 5.5, momwe aluminiyamu amasungunuka nkuwotcha mizu ya chimanga ndi nyemba, koma iye amamukoka nkumusunga m'masamba okalamba mpaka mamiligalamu masauzande pa kilogalamu. Nsonga zanthete zomwe amathyola, masamba awiri ndi kamphukira, zimakhala ndi wochepa kuyerekeza ndi masamba apansi.

Nthawi zina mawu awiri amayandikana mpaka kusokonezana. Mchere uliwonse uli ndi mawu oposa amodzi, ndipo mawu achiwiri a manganizi ali pa 6.49 keV, pafupi penipeni ndi a ayironi a pa 6.40. Mu chimanga si nkhani, manganizi ndi wochepa. Koma tiyi wa pa dothi la asidi amadzaza manganizi, kawirikawiri kuposa ayironi, ndiye pulogalamu ikapanda kulekanitsa bwino, ayironi amaoneka wochuluka kuposa momwe alili. Aseniki ndi mtovu, zomwe zonse ndi ziphe, ndiye mapasa enieni, wina 10.54 wina 10.55, moti mtovu ukachuluka aseniki amabisala kumbuyo kwake.

Chomwe chinandigwetsa ulesi kwambiri ndi seleniyamu. Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe kuchepa kwa mchere umenewu kunafufuzidwa mozama. Wofufuza za dothi Allan Chilimba ndi anzake anapeza kuti chimanga cha pa dothi la asidi, lomwe ndi lambiri m'dziko muno, chili ndi seleniyamu wa mamiligalamu pafupifupi 0.02 pa kilogalamu, pomwe cha pa makande a m'madera ena a m'chigwa cha Shire chimafika kuchulukitsa kakhumi. Taganizani: munthu wotsika ku Thyolo kudzera ku Thabwa kukagula chimanga ku Chikwawa atha kubwera ndi seleniyamu wochuluka kuposa wa m'munda mwake osadziwa. Finland inayamba kuthira seleniyamu mu fetereza mu 1984, ndipo kuno ofufuza anayesa kupatsa mabanja a kwa Wimbe ku Kasungu ufa wa chimanga cholimidwa ndi fetereza wotere mu 2019. Koma mlingo wa 0.02 ukutanthauza galamu imodzi m'matumba 1,000. XRF ya m'manja imayamba kumva michere yotereyi ikafika cha m'ma miligalamu imodzi kapena angapo pa kilogalamu. Pa chimanga chathu ingolemba kuti sinapeze kanthu. Mawu amenewa ndi oopsa akawerengedwa ndi munthu wosadziwa, makamaka pa ziphe. Malire ovomerezeka a mtovu ndi kadimiyamu m'zakudya zambiri ali pansi pa miligalamu imodzi pa kilogalamu, kotero makina akati sanapeze mtovu, sizitanthauza kuti chakudyacho chapambana mayeso a ogula akunja. Kuonjezera nthawi kumathandiza, koma mouma: kuti kuphonya kwa chiwerengero kutsike ndi theka uyenera kuwombera nthawi yotalika kanayi.

Ndisaoneke ngati ndikukanyoza. Pa ntchito yake ndi kabwino zedi. Wobereketsa nyemba yemwe ali ndi mitundu 500 atha kuipeta msangamsanga, nkutumiza ku ICP-MS yokhayo yooneka yodalirika. Potaziyamu, kashiyamu, manganizi, ayironi ndi zinki m'masamba ouma opera bwino kamawerenga mokhutiritsa. Kangathe kuonetsa ngati fetereza wolembedwa kuti muli zinki alidi naye, funso lomwe alimi ambiri amakhala nalo mumtima. Kangagwire zokometsera ndiwo kapena mankhwala azitsamba othiridwa mtovu wambiri. Mtengo wake pogula umapikisana ndi wa galimoto yatsopano, koma kuyeza sampulo iliyonse pambuyo pake sikudya ndalama zambiri. Ine ndimakaona ngati lichero: kamapeta, kulekanitsa zofunika kuzionetsetsa ndi zongodutsa, koma sikagamula mlandu. Ndipo poti kamatulutsa cheza chowononga thupi chikalunjika pa munthu, sikogula ngati foni. Zipangizo zotulutsa cheza m'dziko muno zimayang'aniridwa ndi Atomic Energy Regulatory Authority potsatira lamulo la mu 2011, ndipo woyeza wosamala amaika sampulo m'kabokosi kotchinga asanakoke kampini.

Chinanso, nambala ya XRF ndi ya mchere wonse womwe ulimo, osati womwe ungagwire ntchito. Katondo wadzaza ayironi, koma wambiri ndi womangika, mizu siingamufikire. M'chakudya namonso ndi chimodzimodzi. Mgaiwa uli ndi zinki ndi ayironi wochuluka kuposa ufa woyera chifukwa pokonola timataya gaga ndi mtima wa njere. Koma mgaiwa womwewo uli ndi phytate wambiri, yemwe amamanga michereyi m'matumbo kuti thupi lisaitenge yonse. Phytate makinawa samuzindikira.

Tisanabalalike, anganga analowa m'nyumba nkutuluka ndi timbale tiwiri, kena ka ufa woyera kena ka mgaiwa. Ufa ndi wouma kale ndi wopera kale, ndiye msuweni anavomera kuyerekeza, ngakhale anachenjeza kuti ayironi sadzamukhulupirira chifukwa cha chigayo. Anadzaza timakapu take tiwiri, nkutsindira, nkuwombera katatukatatu. Zinki wa mu mgaiwa anatuluka wokwera ulendo uliwonse. Anganga anayang'anitsitsa kagalasiko ngati akuwerenga, kenako anatenga timbale tawo.

"Zimenezo ukawauze agogo ako aamuna," anatero. "Zaka zonsezi amati mgaiwa ndi wa kundende."

Msuweni analongedza kamfuti kake, nkulemba manambala pa maenvelopu a masamba omwe anatolera m'mawa uja. Onsewo anali kupita ku uvuni kaye.